Nthano zopekera osewera enieni: akazi timangolowamo ngati zibwenzi basi?

Nagama wa ku Matawale:

Abale, pali kanthu kakundisowetsa tulo kuyambira mwezi watha, ndiye ndati ndikatule pano.

Ine ndimakhala ku Matawale. Masana ndimathandiza mayi anga aang'ono kugulitsa kaunjika mumsika wa Zomba, usiku magetsi akakhalapo ndimalemba nthano pa foni. Zija za gawo ndi gawo zoponya pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, zimene ukangochedwa tsiku limodzi anthu amakulondalonda ngati unawakongola. Kusekondale ndinasewera netibo zaka zinayi, ndinkavala bibu ya GA, wothandizana ndi shuta kuponya. Bwalo lathu linali la fumbi, mizere tinkalemba ndi phulusa la kukhitchini ya sukulu, ndipo bondo langa lamanzere lili ndi chipsera mpaka lero. Ndanena izi kuti mudziwe kuti mpira sindinangoumvera pa wailesi.

Pali mtundu wa nthano umene ndakhala ndikuwerenga kwambiri. Munthu amatenga wosewera weniweni, dzina lake lenileni, timu yake yeniyeni, n'kumupekera moyo. Pachingerezi amati fan fiction. Ndawerenga za anyamata a Maule, a Manoma, a Flames, ngakhale za osewera a ku England zolembedwa ndi anyamata a ku Chikanda oti ndege amangoionera kumwamba. Zina n'zokoma ndithu, sindikunyoza. Koma taonani akazi amene ali m'menemo. Alipo atatu basi, amangosinthidwa mayina. Woyamba ndi mtsikana wakumudzi amene ankamuchapira jezi asanatchuke, mnyamata akapeza timu ku Joni n'kumuiwala, iye n'kumalira pa mjigo. Wachiwiri ndi wa mawigi ndi zikhadabo zazitali, wobwera ndalama zikayamba kulowa, ntchito yake kumugwetsa fomu mwana wa eni. Wachitatu ndi mayi ake, ali chogwada kupemphera. Mwa atatuwa palibe amene mpira umamukhudza, kaya kuphazi kaya kudzanja. Mkazi akapezeka ku sitediyamu ndiye kuti wabwera kudzachita nsanje, ndipo wolemba amaonetsetsa kuti afunse funso lopusa la ofusayidi kuti tiseke.

Zinandipweteka, chifukwa timu imene yatchukitsa dziko lino kunja kwa zaka zambiri ndi ya Queens. Ndiye ndinati ndilembe yanga. Ndinatenga wosewera wina wa Queens amene ndimamukonda kuyambira kale, dzina sinditchula, muona chifukwa chake. Magawo anayi oyamba ndinalemba mpira wokhawokha. Gawo lachitatu ndi limene ndimanyadira nalo mpaka pano: kota yomaliza, akusiyana basiketi imodzi, iye walandira mpira m'mphepete mwa seko, GK wamtali, wotchinga pansi pa mkombero, wamuimikira manja kumaso, ali ndi masekondi atatu okha, phazi lotera likufuna kutsetsereka ndipo akudziwa kuti likangosuntha wezulo ilira. Ndinalemba mmene mpira umalemerera m'manja ukatopa, mmene phokoso la ochemerera limazimiririka ukayang'ana mkombero. Ndinkalemba thukuta likutuluka ngati ndili pabwalo.

Mukudziwa zimene anthu anayankha? "Nanga chibwenzi chake chituluka liti?" "Admin, timupezere mwamuna ameneyu." Wina anati nthano yopanda mwamuna ndi ndiwo zopanda mchere. Ndinalimba mtima magawo anayi, lachisanu ndinagonja. Ndinalowetsamo bambo wina wagalimoto yakuda, wokwatira, akumudikira panja pa bwalo. Tsiku limenelo foni inatentha ndi mauthenga, anthu amene sanayankhepo chiyambire anatulukira.

Patapita masabata awiri, azakhali anga a ku Jali anandiimbira. Akuti, "Iwe umadziwa za mpira, n'zoona kuti mtsikana uja wa Queens akuyenda ndi mwamuna wa mwini?" Ndinafunsa kuti amva kuti. Ananditumizira chithunzi. Linali gawo langa lachisanu. Wina analijambula, n'kudula pamwamba pamene ndinalemba kuti nthano yopeka, ndipo linali likuzungulira m'gulu lawo la amayi ngati nkhani yoona. Miyendo inazizira. Ndinafufuta nthano yonse usiku womwewo, koma chithunzi chili m'mafoni a anthu sungachiitanitse.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi n'zotheka kulemba za mkazi wosewera, anthu n'kuwerenga mpaka kumapeto, popanda kumupachika mwamuna? Nanga dzina lenileni, tili ndi ufulu wolibwereka?

Wa Kabaza pa Chinamwali:

Achemwali, pepani ndi zakuchitikiranizo, koma musatiweruze kwambiri ife owerenga. Ine ndimawerenga nthanozi ndikamadikira makasitomala pa siteji. Ndikafuna mpira ndimapita kukaonera Red Lions kapena ndimalipira pa shoo kuonera wa ku Ulaya. Ndikatsegula nthano ndimafuna zimene kamera siionetsa. Ndipo musaiwale kuti anyamata aja nawonso timawapachika akazi. Ndani analembapo magawo makumi awiri a sitiraika akungothamanga ndi kumwetsa zigoli? Palibe angawerenge. Chikondi ndiye chimakoka anthu, kaya wosewerayo ndi mwamuna kaya mkazi.

Za dzina lenileni ndiye ndilibe mawu. Ukalemba dzina lopeka anthu safika n'komwe pa mzere wachiwiri.

Namaseko wa ku Chirunga:

Asisi Nagama, nkhani yanuyi ndaiwerenga kawiri. Ndili chaka chachitatu pano pa Chirunga, ndipo bandulo yanga yambiri imathera pa nthano zoterezi, za kunja makamaka, ndiye ndiyankhe kaye achimwene a kabazawo.

Achimwene, n'zoona kuti anyamata nawo amapatsidwa zibwenzi m'nthano. Kusiyana kwake n'koti mnyamata amakhalabe mwini nthano. Chibwenzi chikatha iye amapita ku tireni, Loweruka amagoletsa, nthano ikupitirira. Mkazi wosewera akangopatsidwa mwamuna, mpira umathera pomwepo, magawo otsala onse ndi kudikira foni ndi kulimbana ndi mkazi mnzake. Tawerengani mwachidwi muone ngati ndikunama.

Kunja mtundu umenewu ali nawo ndi dzina lake, amati RPF, kutanthauza nthano zopekera anthu enieni. Mkangano wanuwu iwo anauyamba kalekale. Webusaiti ya FanFiction.net inaletsa nthano za anthu enieni mu 2002. Archive of Our Own, imene inatsegulidwa mu 2009 ndipo imayendetsedwa ndi okonda nthano eni ake, imalola. Wattpad nayo yadzaza nazo. Chimene chinandidabwitsa nditayamba kuwerenga kumeneko n'choti olemba ambiri ndi akazi, koma amalembabe za osewera aamuna, a mpira wamiyendo, a hockey ya pa ayezi, a mipikisano ya magalimoto. Nthano zambiri zimazungulira pa ubale wa osewera awiri aamuna, ndipo mkazi weniweni wa wosewerayo amachita kufufutidwa ngati kulibe, apo ayi amasandutsidwa chopinga choti achoke msanga. Ndiye vuto si loti olemba ndi amuna okha ayi. Timalemba za amene timawaona. Mnyamata wa ligi ya ku England umamuona Loweruka lililonse, akafunsidwa mafunso, akaseka ndi anzake pa benchi, akakwiya, ndiye uli ndi dothi loumbira. Nthano za akazi osewera zimene ndapeza zambiri ndi za timu ya America, ija inatenga World Cup mu 2015 ndi mu 2019, ndi za atsikana a England amene anatenga Euro mu 2022. Ndi amene kamera inawatsatira. Ifeyo Scorchers timaionera kangati pa chaka?

Tsono pa dzina. Mtsikana wa ku Brazil akalemba za wosewera wa ku Spain, pakati pawo pali nyanja, ndipo owerenga ake amadziwa malamulo a masewerawo: zopeka zimakhala pakona pake, suzitumiza kwa mwini dzina, sulowetsamo ana ake. Kuno nyanja imeneyo kulibe. Wosewera wa Queens azakhali ake akhoza kukhala amene mwakhala nawo mpando umodzi mu minibasi ya ku Limbe. Ndipo nthano zathu sizikhala pakona, zimayenda pa WhatsApp pamodzi ndi mauthenga a maliro ndi mitengo ya feteleza, munthu n'kumaziwerenga zonse ndi diso limodzi.

China, mtengo wa mphekesera si wofanana. Mnyamata akanamiziridwa zibwenzi zitatu anzake amamuwombera m'manja. Mtsikana wosewera, makamaka wa mpira wamiyendo, amakhala akunenedwa kale asanalakwe: thupi lake, mayendedwe ake, kuti ndi mkazi weniweni kapena ayi. Tabitha Chawinga anafotokozapo yekha kwa atolankhani kuti ali wamng'ono, akusewera konkuno, anavulidwapo zovala ndi anthu ofuna kutsimikiza kuti ndi mtsikana. Barbra Banda wa ku Zambia sanasewere WAFCON, mpikisano wa mpira wamiyendo wa akazi a mu Africa, ya 2022 pa nkhani za malamulo oyeza matupi a akazi. Anthu amene akusenza kale katundu wotere, ife n'kuwasanjikiranso bambo wagalimoto yakuda. Sindikukudzudzulani asisi, inenso ndinalembapo zanga zimene sindingazionetse pano.

Mayi a Chikondi, Domasi:

Mwanawe Nagama, ine ndine wachikulire, foni iyi anandigulira ana, ndiye mundipirire ndikalemba motalika.

Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri mbali ya Domasi ndi Songani, ndipo kulikonse kumene ndinkapita ntchemberembaye inkagwera ine, poti aphunzitsi aamuna ankathamangira mpira wamiyendo. Wandiseketsa ndi phulusa lija. Ife tinkatuma ana kukapempha m'makomo Lachisanu, Loweruka m'mawa mvula n'kugwa, mizere yonse n'kupita.

Mnyamata wa kabaza akuti anthu amafuna zimene kamera siionetsa. Akunena zoona. Kulakwa kwake n'kuganiza kuti kuseri kwa kamera kuli chibwenzi chokha. Ndikuuze zimene ndinaziona ndi maso angawa, uone ngati si nthano.

Ndinali ndi mtsikana wina wa Sitandade 7, wamtali ngati mlongoti, shuta woti akaima pansi pa mkombero anzake ankangoyamba kubwerera pakati. Tsiku la fainolo ya zoni sanabwere. Ndinapalasa njinga mpaka kwawo, ndinamupeza akusinja. Agogo ake anati mtsikana wotha msinkhu sangamadumphe pamaso pa amuna ndi kasiketi kofika apa. Ndinakhala pamkeka ola lathunthu kukambirana ndi gogoyo. Tinagwirizana kuti asewera atavala kabudula wamkati wofika m'mawondo, ndipo ineyo ndimubweza pakhomo dzuwa lisanalowe. Ndinamukweza pa kaliyala. Tinafika hafu yoyamba itatha. Sindikuuza kuti tinawina kapena ayi, poti ukufuna kudziwa, eti? Ndiye nthanotu imeneyo, ndipo mulibemo mwamuna wagalimoto.

Zilipo zambiri. Atsikana awiri osinthana nsapato imodzi, wina akatuluka kuvulira mnzake. Mtsikana amene kumwezi kwamuyamba ali pa lole popita kumasewero, anzake n'kumuzungulira ndi zitenje. Kaputeni ndi shuta osayankhulana chifukwa cha bibu, koma pabwalo n'kumapatsana mpira ngati ana a mimba imodzi. Mayi wobwerera pabwalo atabereka, mwana akuyamwa pa hafu taimu, apongozi akudandaula kuti ndiwo sizinaphikidwe. Chikondinso chilembe, sindikukana, atsikana osewera si masisitere. Koma mwamunayo alowe ngati mmene amalowera m'moyo, apeze mpira ulipo kale, ndipo avutike nawo iyeyo.

Ukafuna za akuluakulu, zoona zake zokha n'zokwana. Mwawi Kumwenda anachokera ku Mzimba, ndipo pa World Cup ya ku Sydney mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse, pamene Malawi sinafike ndi mu semifainolo momwe. Mu 2018 pa Commonwealth Games ku Gold Coast atsikana athu anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. Ine tsiku limenelo ndinalira ngati mwana, anthu oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Chaka chomwecho Mwawi anavulala bondo, anachira, ndipo mu 2020 anatenga chikho cha ligi ya ku Australia ndi Melbourne Vixens. Ana a kwa Chawinga a ku Rumphi aja, Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya ku Italy ali ku Inter, n'kukachitanso chimodzimodzi ku France ali ku PSG. Temwa mu 2024 anamwetsa 20 ku Kansas City Current n'kusankhidwa wosewera wapamwamba wa ligi ya ku America. Scorchers inatenga COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2 kwa 1. Ndipo asanabwere onsewa kunali a Mary Waya, amene ife tinkauza ana kuti aziponya ngati iwo.

Koma tamvera. Zimenezi uzinene monga zilili, ndi mayina awo, chifukwa anazichita poyera ndipo ndi ulemu wawo. Ukafuna kupeka, peka ndi dzina lomwe. Dzina la munthu ndi la makolo ake, ndi limene adzakwatiwe nalo, ndi limene kampani imayang'ana isanamupatse kontirakiti. Panga timu yako ya ku Thondwe kapena ku Mpondabwino, mtsikana wako azikhala ndi chithunzi cha Mwawi chodula m'nyuzipepala pakhoma, azilota za ku Australia. Weniweniyo akhale pakhomapo, asatsike kudzakwera galimoto ya mwamuna wa mwini.

Ndipo mwanawe, ngati uli ndi njira yomufikira mtsikana unamulembayo, umupepese. Kufufuta si kupepesa.

Nagama wa ku Matawale:

Mayi, mawu anu omalizawo andilasa. Ndakhala ndikudziuza kuti poti ndinafufuta ndiye zatha. Ndalemba uthenga pa peji yanga kunena kuti gawo lija linali bodza langa, ndapempha azakhali kuti autumize m'gulu lomwe lija. Akuti atumiza, koma akuti amayi ena ayankha kale kuti utsi sufuka popanda moto. Moto wake ndi ine, ndili pano, koma sakundikhulupirira. Kwa mwini wakeyo ndalemba ku inbox, sanatsegule, ndipo mwina sadzatsegula. Mwinanso sanamve n'komwe za nkhaniyi ndipo uthenga wangawo ndi umene umudziwitse. Chimenecho chikundivutanso.

Asisi Namaseko, mfundo yanu ya kamera ndaigwira, koma pali pamene sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mukuti timalemba amene timawaona. Ine Queens ndimaiona, anthu onse a m'gulu langa amaidziwa, mayina a osewera amawatchula pamtima. Sikuti sawaona ayi. Amawaona, koma akafika pa nthano amafuna awabweze kukhitchini. Mayi wina amene amagula madiresi pa benchi pathu, wochemerera Queens kwambiri, ndi yemwe anali patsogolo kundiuza kuti ndimupezere mwamuna. Ndiye kuonetsa masewero ambiri pa TV kokha sindikuona ngati kungasinthe zimenezi.

Komanso ndivomere, dzina lenileni limakoka. Achimwene a kabaza sananame. Ukatchula wosewera wodziwika sufunika kufotokoza kutalika kwake, kaponyedwe kake, anthu ali naye kale m'maso. Wopeka uyenera kumuumba wekha kuyambira kuphazi, ndipo ndi ntchito. Mwina n'chifukwa chake tinazolowera kubwereka.

Ndayamba ina. Mtsikana wake ndi wa ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, bambo ake ndi msodzi, iye amayanika matemba ndipo manja ake ndi olimba chifukwa chokoka zingwe. Amasewera GD, wotchinga kumbuyo, osati shuta, poti ndatopa ndi nthano zoti wotchuka ndi woponya yekha. Gawo loyamba akukwera lole ya nsomba kubwera ku Zomba kudzayesedwa ndi timu ya m'tauni, nsapato wabwereka kwa mwana wa abusa, ndi zazikulu, waika nyuzipepala kumapeto. Mayi a Chikondi, gogo wanu uja ndamuba, mundikhululukire, koma ndamusandutsa wa kuchimuna. Ndaponya dzulo usiku. Ayankha anthu asanu ndi anayi. Atatu afunsa kale za chibwenzi.

Wa Kabaza pa Chinamwali:

Mmodzi mwa atatuwo ndi ine, achemwali, ndisabise. Koma ndawerenga mpaka pansi. Pamene nyuzipepala ija yanyowa ndi thukuta n'kuyamba kutuluka m'nsapato ali pakati pa tirayo, ndinaseka mpaka kasitomala anakwera njinga ya mnzanga. Funso langa ndi loti, kochi uja wamuona kapena sanamuone? Musatisiye m'malere. Ndipo lole ya nsomba yochokera ku Kachulu siifika m'tauni seveni koloko nthawi ya mvula, msewu umenewo ndimaudziwa, mukonze pamenepo.

Mayi a Chikondi, Domasi:

Gogoyo mutenge, anamwalira kale, sangadandaule. Koma GD wako ukumuimitsa pafupi kwambiri ndi shuta. Lamulo limati atalikire mafiti atatu asanakweze manja, apo ayi oimbira aliza wezulo. Ngati ukufuna kuti alakwe chifukwa ndi wakumudzi sanaphunzitsidwe bwino, zisiye choncho, koma wezuloyo ilire, ndipo wina amuseke. Nditumizire gawo lachiwiri usanaponye.